Phazi langa pa msana wawo

Amuna anga ankadandaula msana pafupifupi tsiku lililonse. Sikuti anali wodwala ayi. Aliyense amene analimapo fodya akudziwa kuti munthu sawongoka. Kuthirira nazale umawerama, kuwokera umawerama, kubandira ndi kuthyola chimodzimodzi. Ife tinachoka kwathu ku Dedza chifukwa chosowa munda, n'kukalowa utenanti pa esiteti ina kufupi ndi Mkanda. Tinakhalapo zaka zisanu ndi ziwiri pamodzi ndi ana athu aakazi awiri.

Akaweruka kumunda, dzuwa likupendeka, ankayala mphasa pakhonde n'kugona chafufumimba.

"Mayi, tabwerani mudzandiponde," ankatero.

Ndinkavula patapata, n'kugwira nsanamira ya khonde kuti ndisagwe, kenako n'kuyamba kuwaponda ndi phazi limodzi kuchokera m'mapewa kutsikira m'chiuno. Msana unkathetheka ngati nkhuni zouma, iwo n'kumabuula mosangalala.

"Koma mwalemera inu. Chimanga cha abwana mukudya nokha eti?"

"Ngati ndalemera ndichoke."

"Ayi, pondani. Apo, apo, chakumunsi pang'ono."

Sitinali ife tokha. M'nyumba zambiri za matenanti ankachita zomwezo, ndipo sindinamvepo kuti wina wapwetekedwa nazo. Amuna anga ankati phazi langa limaposa mapiritsi a kugolosale.

Tsiku limene anagwa unali mwezi wa Febuluwale, mvula itagwa masiku atatu osaleka. Chigafa chathu, shedi youmitsiramo fodya, chinayamba kudontha, ndipo fodya wopachikidwa akanyowa amawola. M'mawa kutangoyera, anakwera padenga kuti akasanje bwino udzu. Ine ndinali pansi ndikusoka masamba. Ana anali atapita kusukulu, anzathu onse ali kuminda. Phaso limene anapondapo linali lodyedwa ndi chiswe mkati. Ndinangomva kuthyoka, kenako ndinawaona ali pansi chagada, msana utamenya pachipika chimene tinkakhalira posoka fodya.

Sanakomoke. Mpweya unawathera kwa kanthawi, koma utabwerera anayamba kuyankhula. Anati miyendo ikuwotcha ngati aithira tsabola, ndiponso ikuchita dzanzi. Ndinawauza kuti agwedeze mapazi. Chala chachikulu cha phazi lamanja chinagwedezeka. Ndinachiona ndi maso anga, chinapinda n'kuwongoka kawiri. Ndikulemba zimenezi momveka chifukwa nkhani yonse ili pa chala chimenecho.

"Msana wapindika uwu," iwo anatero. "Nditembenuzeni mundiponde, uwongoke."

"Bambo, tisaitane kaye anthu?"

"Anthu achite chiyani? Pondani, ndidzuke. Fodya akunyowa."

Ndinawakoka phewa n'kuwatembenuza. Ndinagwira nsanamira ya chigafa monga ndinkachitira pakhonde. Ndinaika phazi pakati pa msana, pamene panali patatupa, ndipo ndinaponda. Sindinaponde ndi mphamvu zonse. Koma msana sunathetheke ngati masiku onse. Ndinamva kanthu kakusuntha pansi pa phazi langa, ngati mwala wa pamtsinje ukamagwedera.

Anakuwa kamodzi.

"Basi," anatero. "Kuwotcha kuja kwatha."

Ndinasangalala. Ndikunena zoona, ndinasangalala ndipo ndinathokoza Mulungu mumtima kuti ndawachiritsa. Ndiye anatsamira manja kuti adzuke. Chifuwa chinanyamuka, koma miyendo inatsala pamene inali. Anayesa kachiwiri. Ndinawauza kuti agwedezenso chala chija. Anati akugwedeza, koma chala chinangokhala.

Pamenepo m'pamene ndinakuwa. Amuna anayi anabwera kuchokera kumunda, awiri n'kugwira manja, awiri miyendo, n'kuwaika pangolo ya akapitawo. Msewu unali wokumbika ndi mvula, ngolo inkagwa m'maenje, ine ndili pambali ndawagwira mutu. Kuchipatala chaching'ono sanachedwe nafe. Anawamangirira pathabwa n'kutitumiza kuchipatala cha kuboma pa ambulansi, ndipo mawa lake anatipititsa kuchipatala chachikulu ku Lilongwe.

Kumeneko n'kumene anatipeza alamu anga, achemwali awo aakulu a amuna anga. Mayi ameneyu ndi amene anawalera makolo awo atamwalira. Ine ndilibe mchemwali, ndipo kuyambira tsiku la ukwati wanga ankanditenga ngati mng'ono wawo. Ana anga onse awiri ndinachira iwo ali pambali panga. Atamva za ngoziyo anasiya munda wawo wa mbatatesi n'kukwera minibasi tsiku lomwelo.

Adokotala atabwera m'wodi ndi zithunzi za mafupa, anafunsa mmene anagwera. Kenako anafunsa kuti, "Atagwa, alipo amene anawadzutsa, kuwakoka kapena kuwatembenuza?"

Ndinatsegula pakamwa, koma amuna anga ananditsogolera.

"Palibe. Ndinangogwa, miyendo n'kufera pomwepo."

Sanandiyang'ane. Alamu anali chilili kumiyendo kwa bedi, akupukuta misozi ndi chitenje. Ine ndinatseka pakamwa panga.

Adokotala aja anatenga singano n'kuyamba kuwabaya pang'onopang'ono, kuyambira pachifuwa kutsika. "Mukumva?" "Eya." "Apa?" "Eya." Atafika pamchombo, amuna anga anasiya kuyankha. Singano inatsikira pamimba, pantchafu, mpaka kuphazi, iwo akungoyang'ana kudenga. Adokotala analemba mzere ndi bolopeni pamimba pawo, pamene kumva kunathera.

Kenako anatembenukira kwa ife azimayi. "Amayi, munaphikapo msana wa mbuzi?"

Tinati eya.

"Mukamadula timafupa tija, pakati pamakhala kabowo, ndipo m'kabowomo mumakhala kanthu koyera, kofewa, kotalika ngati chingwe. Munakaona?"

Ndinkakadziwa bwino. Ana anga ankalimbirana kukayamwa.

Anati munthunso ali nako. Msana si fupa limodzi ayi, ndi timafupa tambiri tosanjikizana, ndipo timabowo take timapanga njira. M'njira imeneyo mumadutsa mtsempha waukulu wochokera ku ubongo, wonenepa ngati chala chaching'ono. Munthu akafuna kuyenda, mawu amachoka kumutu n'kutsika mumtsemphamo kukafika kumiyendo. Akaponda minga, mawu amachoka kuphazi n'kukwera mumtsempha womwewo kukanena kumutu. Pakati pa timafupa paliponse pamatuluka nthambi. Za m'khosi zimapita kumanja, za pakati zimapita kuchifuwa ndi kumimba, za m'munsi zimapita kumiyendo, kuchikhodzodzo ndi kumatumbo. Mtsemphawo ukaduka, zonse za kumunsi kwa malo odukawo sizimvananso ndi mutu. Anati tithokoze kuti sunadukire m'khosi, chifukwa manja akanafa nawo, mwinanso kupuma kumene.

Alamu anafunsa kuti alumikiza liti.

"Fupa limalumikizana, mayi. Koma mtsempha uwu ukadukiratu, palibe amene angausoke. N'chifukwa chake timati munthu akagwa chonchi asamagwedezedwe. Nthawi zina umakhala wangofinyika, koma fupa losweka likasuntha limaumaliza."

Mawu omalizawo ananena akutseka faelo, ngati munthu wongowonjezera. Ine ndinatuluka. Ndinapita kumene magadiyani amaphikira, n'kukhala pansi kuseri kwa khoma. Mayi wina amene sindinkamudziwa anandifunsa ngati wodwala wanga wamwalira. Ndinapukusa mutu.

Tinakhala m'chipatala miyezi iwiri ndi masabata angapo. Fodya wathu anamaliza ndi anzathu. Utenanti umafuna mwamuna woyenda, choncho pa esiteti tinachokapo. Kwathu kunalibe malo, ndiye a mpingo wathu anatipezera kanyumba m'mudzi wina kufupi ndi Mkanda komweko, ndi kamunda koti ndizilima mtedza ndi chimanga. Alamu anabwera nafe, n'kukhala mpaka tinakolola.

Ntchito yosamala munthu wotere sindinkaidziwa. Ndinkaganiza kuti vuto ndi kusayenda kokha. Koma mkodzo sankaumva, unkatuluka papaipi imene ankasintha kuchipatala. Chimbudzi sankachimva, ndinkachita kuwathandiza ndi dzanja nditavala pulasitiki. Anamwino anatiuza kuti tiziwatembenuza pakapita maola awiri aliwonse. Anati munthu wabwinobwino akagonera mbali imodzi nthawi yaitali, khungu limadandaula, mawu amakwera kumutu, iye n'kutembenuka ngakhale ali m'tulo. Kwa amuna anga mawuwo ankathera panjira. Khungu likanatha kuwola iwo osadziwa.

Tsiku lina mayi wina woyandikana nafe anandiuza kuti ndiziwathowa miyendo ndi madzi otentha kuti magazi adzuke. Ndinaviika nsalu m'madzi, n'kuwaika pamwendo. Iwo ankamvera mpira pawailesi. Sanatsinzine n'komwe. Madzulo ndinapeza matuza atatu akuluakulu, ndipo chilondacho chinatenga mwezi kuti chipole. Alamu sanandikalipire. Anangoti, "Mumafuna kuthandiza, mlamu. Mkazi wina akanathawa kale."

Ankakonda kunena mawu amenewo. Ankawanena pachitsime, kutchalitchi, ngakhale pafoni pouza achibale a ku Dedza. Nthawi iliyonse akatero, ndinkayang'ana kumbali.

Patapita miyezi inayi, m'mawa wina ndikuwasambitsa, ndinapukuta pansi pa phazi lawo ndipo mwendo wonse unadumpha. Bondo linapinda lokha. Ndinataya nsalu n'kuyamba kululutira. Alamu anabwera akuthamanga kuchokera kuseri, nawonso n'kugwada pansi kuyamba kupemphera.

"Taimani kaye," amuna anga anatero. "Si ine."

"Si inu bwanji? Mwendo ndi wa ndani?"

"Ndauona ngati mmene mwauonera inumu. Sindinautume."

Sitinawamvere. Tinawakweza pa njinga ya olumala imene tinalandira, n'kupeza galimoto yopita kuboma. Kumeneko kunali bambo wina wa mafizo, wophunzitsa odwala kulimbitsa ziwalo. Anagogoda bondo ndi kanyundo, mwendo n'kudumphanso. Koma nkhope yake sinasinthe. Anati mtsempha wa kumunsi kwa podukapo sunafe, ukadali moyo, koma ukugwira ntchito wokha. Anati ngakhale munthu wabwinobwino akaponda khala la moto, mwendo umathawa mutu usanadziwe, chifukwa mtsempha wa mumsana umayankha wokha pomwepo, n'kukanena kumutu pambuyo pake. Kwa amuna anga kuyankha kokhako n'kumene kunatsala. Sikunali kuchira.

Alamu atawatulutsa amuna anga panja kuti akapitidwe mphepo, ine ndinatsalira.

"Adokotala, ndifunse nawo. Kwathu kuli munthu wina amene anagwa ngati chonchi. Ndiye anthu anamuponda pamsana kuti awongoke."

Bambo uja anasiya kulemba n'kundiyang'ana.

"Asanamuponde, miyendo inkagwedezeka?"

"Chala chimodzi."

"Ndiye kuti mtsempha unali usanadukiretu." Anaika bolopeni pansi. "Koma mayi, palibe anganene motsimikiza. Kutupa kokha kumatha kuupha pakapita maola. Ndiponso munthuyo anafika bwanji kuchipatala?"

"Pangolo."

"Mwaona. Ngolo nayonso ikanatha kuchita zomwezo."

Ndinathokoza n'kutuluka. Anali munthu wachifundo. Koma ine ndinkadziwa kuti sipanapite maola, ndipo chala chinasiya kugwedezeka ngolo isanabwere.

Alamu atabwerera ku Dedza, ndinayesa kuiyambitsa nkhaniyi ndi amuna anga. Linali tsiku lotentha, ndawakhazika pamthunzi akundithandiza kusenda mtedza, poti manja awo anali amphamvu ndithu.

"Bambo, n'chifukwa chiyani munanama kwa adokotala?"

"Anakuuzani kuti muponde ndani?"

"Ndinu."

"Ndiye mlandu ndi wa ndani?"

"Phazi linali langa."

"Phazi lanu, pakamwa panga, phaso la chiswe. Pitani mukasumire chiswe kwa amfumu." Anaseka, koma ine sindinaseke. Ndiye anasiya mtedza n'kunena motsitsa mawu. "Mverani, mayi. Achemwali ndimawadziwa ine. Ali ndi mtima wabwino, koma chinthu chikawalowa sichituluka. Inu mulibe munthu wina. Ine ndikadzapita, amene adzakusamaleni inu pamodzi ndi anawa ndi iwowo. Musadzawauze."

Sindinalonjeze, koma sindinakanenso.

Anakhala ndi moyo zaka ziwiri ndi miyezi isanu kuchokera tsiku limene anagwa. Masiku ena ankakhala bwino. Anaphunzira kukonza mawailesi ndi matochi, anthu ankabwera kudzacheza, ndipo ankawaseketsa. Ankati iwo ndi bwana tsopano, amayenda pagalimoto ya dalaivala wamkazi. Masiku ena sankayankhula, ankangoyang'ana miyendo yawo imene inkawonda ngati misinde ya chimanga. Chodabwitsa, ankamva kuwawa m'miyendo imene sinkamva singano. Ankati ikuyaka moto. Ndinkaigwira, inali yozizira.

Chimene chinawatenga ndi chilonda. Nyengo yolima sindikanatha kukhala pakhomo tsiku lonse. Ndinkawatembenuza m'mawa, n'kupita kumunda, n'kubwera masana. Pafupa la kumunsi kwa msana panayamba kufiira, kenako panada, kenako panaboola. Ndinkatsuka ndi madzi a mchere monga anandiphunzitsira, koma chilondacho chinkalowa mkati mpaka chibakera cha mwana chikanakwanamo. Iwo sankamva kanthu. Ankandifunsa kuti, "Kukuoneka bwanji kumeneko?" ine n'kumati kuli bwino. Mwezi wa Julayi thupi linatentha kwambiri, mkodzo wa m'paipi unasanduka ngati thobwa. Tinapita kuboma. Anamwalira tsiku lachinayi, cha m'ma teni koloko m'mawa, alamu ali m'njira.

Tinakawaika kwawo ku Dedza. Pamaliro alamu anaimirira pamaso pa anthu n'kunena kuti mchimwene wawo anakwatira mkazi, osati chithunzi cha mkazi. Anthu anavomera. Ine ndinaphimba nkhope ndi chitenje, ndipo ankaganiza kuti ndikulira maliro okha.

Patapita miyezi, achibale awo anandiitana kuti akandisudzule, monga mwa mwambo wathu, kuti ndikhale womasuka. Ndinafika kutatsala tsiku limodzi. Masana amenewo ine ndi alamu tinakhala awiri kuseri kwa nyumba tikusankha nyemba zoti tiphikire anthu mawa lake. Anandiuza kuti akonza zoti adzayankhule, ndipo anandifunsa ngati mwana wanga wamkulu angabwere kudzakhala nawo kuti aphunzire sekondale kumeneko.

Ndinadziwa kuti akandisudzula ndili chete, ndidzakhala chete mpaka kumanda. Mawu a amuna anga ndinkawakumbukira. Koma iwo anali atapuma, ndipo amene ankalandira mayamiko aja tsiku ndi tsiku ndinali ine.

"Alamu, pali zimene simukudziwa."

Ndinawauza zonse, kuyambira phaso mpaka nsanamira ya chigafa. Sindinachepetse. Ndinawauzanso zimene bambo wa mafizo ananena za kutupa ndi za ngolo, kuti asadzati ndinabisa. Iwo sanasiye kusankha nyemba mpaka ndinamaliza.

"Anakuuzani okha kuti muwaponde?"

"Eya."

"Chalacho chinagwedezeka ndithu?"

"Kawiri."

"Ndiye mutaponda?"

"Chinasiya."

Anaika lichero pansi. Anayang'ana kumapiri nthawi yaitali.

"Zaka zonsezi ndimagona nanu mphasa imodzi," anatero. "Ndimakutamani pamaso pa anthu."

"N'chifukwa chake ndanena."

"Mukanangokhala chete, mlamu. Mwatula katundu wanu pamutu panga. Ine ndikamutule kuti?"

Anadzuka n'kulowa m'nyumba. Nyembazo ndinamaliza ndekha.

Mawa lake mwambo unachitika bwinobwino. Amene anayankhula anali amalume awo a amuna anga, ndipo ananena mawu abwino. Alamu anakhala kumbuyo kwa azimayi ena, sanatsegule pakamwa. Sanauze munthu, zimenezo ndikudziwa, chifukwa aliyense ananditsanzika mwaulemu. Pochoka ndinawapeza kukhitchini. Anandipatsa kathumba ka mbatatesi kuti ndikapatse ana, osandiyang'ana kumaso. Za sukulu ya mwana sanazitchulenso.

Tsopano yatha miyezi isanu ndi itatu. Ndinabwerera ku Mkanda, ndikulima mtedza. Mwana wanga wamkulu uja akuphunzira konkuno, amayenda panjinga. Alamu kale sankatha sabata osandiimbira, koma chichokereni kuja sanaimbepo. Mwezi watha ndinalimba mtima n'kuimba ine. Anayankha. Anafunsa za mvula, anafunsa ana mmodzimmodzi, anafunsa ngati denga silikudontha. Ndinayankha zonse. Kenako ndinkangomva nkhuku za kwawo pafoni. Anati ali ndi poto pamoto, n'kudula.

Ngati ndinachita bwino kunena, sindikudziwa. Masiku ena ndimaona kuti amuna anga ananena zoona, ndataya munthu mmodzi yekha amene ndinali naye. Koma nditati ndibwerere kuseri kwa nyumba kuja, lichero lili pamiyendo, ndikuganiza kuti ndikananenabe. Ndidzaimbanso tikakolola.